Za chiliza cha agogo pa 26 Disembala: malamulo afewa, koma kodi matendawa atha?

Malume Gama (kumudzi, Ntcheu), Lachinayi pa 10 Disembala 2020

Ndikulonjerani nonse abale anga ndi ana anga, apafupi ndi akutali omwe. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya chiliza cha mayi athu, agogo anu, chimene tidafuna kuvundukula mu Ogasiti koma tidalephera chifukwa boma, pofuna kupewa mliri wa COVID-19, lidalamula kuti anthu asamasonkhane oposa 10, kupatula pamaliro pomwe ankalola anthu 50. Chilizacho chidamangidwa kale, mmisiri tidamulipira, ndipo chakhala chili chokutidwa ndi pepala lapulasitiki kwa miyezi inayi, moti pepalalo layamba kung'ambika ndi dzuwa. Tsopano ndikuona kuti zinthu zabwerera m'chimake. Ana ali kusukulu, kutchalitchi tikupemphera bwinobwino, ndege zikutera, ndipo dzana ndidali pamsika wa Lizulu pomwe anthu adali piringupiringu ngati kale, ovala masiki ochita kuwerengeka ndi zala. Ndiye ndaganiza kuti mwambowu tiuchite Loweruka pa 26 Disembala, pamene ambiri a inu mudzakhala muli patchuthi. Mbuzi tidagula kale. Ndisanakauze amfumu ndi abusa, ndati ndimve maganizo anu.

Nagama (Limbe)

Zikomo achimwene. Ine ndikugwirizana nazo kwathunthu, ndipo ndikadakonda tisachedwetsenso, chifukwa kumudzi anthu ayamba kunena kuti ana a malemu aiwala mayi awo. Mpunga ndi mafuta ndidzabwera nazo ndine.

Ngozo (Johannesburg)

Malume, ndakulonjerani, ndipo mayi aang'ono ndakulonjeraninso. Palibe amene akufunitsitsa kubwera kumudzi kuposa ine, popeza patha zaka ziwiri ndisanaponde kwathu, ndipo ngakhale maliro a agogowo ndidangowamvera pafoni. Koma ndingalakwe nditapanda kukuuzani zimene zikuchitika kuno. Dzulo lomweli nduna ya zaumoyo, a Zweli Mkhize, alengeza kuti mliriwu wabweranso kachiwiri m'dziko muno, ndipo anthu oposa 6,000 apezeka ndi kachilomboka tsiku limodzi lokha. Zigawo zimene atchula ndi Eastern Cape, Western Cape, KwaZulu-Natal ndi Gauteng, kumene ine ndikukhala. Sabata yathayi a Ramaphosa adakhwimitsanso malamulo ku Nelson Mandela Bay, m'chigawo cha Eastern Cape, moti kumeneko munthu saloledwa kupezeka panja ikakwana 10 koloko usiku.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ifenso kuno tidaganiza monga mwaganiziramo, malume. M'bindikiro udayamba pa 27 Malichi, wokhwima kwambiri, mpaka mowa ndi fodya adaletsa kugulitsa, ndipo ine ndidakhala miyezi itatu osagwira ntchito, kudya tindalama timene ndinkasungira malata. Kenako adayamba kufewetsa pang'onopang'ono, mpaka pa 21 Seputembala tidafika pa level 1, gawo lofewa kwambiri la malamulowo, ndipo pa 1 Okutobala adatsegula zipata za dziko. Anthu tidapuma, masiki adatsikira pachibwano, maphwando adayambiranso. Sipadathe miyezi itatu, taonani tsopano.

Nagama (Limbe)

Mwana wanga Ngozo, za ku Joni ndi za ku Joni. Kuno adatiopseza mu Epulo kuti tifa ngati ntchentche, koma mpaka lero omwalira sanafike n'komwe 200 m'dziko lonse lino, pamene malungo akutenga ana chaka ndi chaka popanda wotseka msika. Ine ndidali m'gulu la mavenda amene tidakwiya a Mutharika atalamula m'bindikiro wa masiku 21 woti uyambe pa 18 Epulo, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezo. Ndimagulitsa kaunjika, ndikapanda kumasula belo m'mawa, madzulo poto sakhala pamoto. Kukadapanda chiletso chimene a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC adakatenga kubwalo lalikulu la milandu kwa woweruza a Kenyatta Nyirenda, sindikudziwa kuti azibale anu akadadya chiyani. Ngakhale popanda m'bindikirowo tidavutika ndithu, chifukwa atachepetsa anthu okwera m'minibasi mtengo udakwera, ndipo ogula adachepa popeza maukwati ndi zinkhoswe zidaima. Tsopano pamene malonda ayamba kudzuka, mukufuna tiyambirenso kuopa mthunzi wathu womwe?

Ngozo (Johannesburg)

Mayi, sindikunena kuti atseke msika wa Limbe. Ndikunena za tsiku limodzi lokha, pamene ife tomwe tidzasonkhanitse nkhalamba zonse za m'mudzi pamalo amodzi ndi anthu otsika basi kuchokera kuno.

Nangozo (Leeds)

Malume ndi nonse, pepani ndayankha mochedwa, ndidali kuntchito usiku. Achimwene anena zoona, ndipo ndikufuna kuwonjezerapo zimene ndaona kuno ku England, popeza ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Malo odyera ndi omwera adatsegulidwa pa 4 Julayi, ndipo mu Ogasiti boma lidachita kulipirira anthu theka la mtengo wa chakudya kuti azipita kukadya kumalesitilanti n'cholinga chodzutsa malonda. Aliyense ankati zatha. Pofika pa 5 Novembala tidalowanso m'bindikiro wachiwiri wa milungu inayi, umene wangotha pa 2 Disembala pomwepa, koma m'madera ambiri malamulo akadali okhwima.

Panyumba imene ndimagwirayo tidadutsa ulendo woyamba osataya munthu, ndipo tinkadzitama nazo. Mu Novembala tidataya atatu m'masiku 10. Mmodzi mwa iwo adali mayi wina amene ankandiyitana usiku uliwonse kuti ndimupese tsitsi asanagone. Lolemba adadya phala lake lonse, Lachitatu adangoti watopa, Loweruka ndidali kulongedza zovala zake m'katoni kuti ana ake adzatengere pakhomo, chifukwa sankaloledwa kulowa. Palibe amene adabwera akutsokomola kuti tidziwe kuti matenda alowera apa. Amene adawabweretsa sankadziwa kuti ali nawo.

Ndikudziwa kuti mwamva za katemera, popeza Lachiwiri lapitali mayi wa zaka 90 ku Coventry adakhala woyamba kubayidwa kuno. Koma katemera ameneyu amafuna kusungidwa pamalo ozizira kufika madigiri 70 kunsi kwa ziro, ndipo ngakhale ife ogwira ntchito kuno tikudikira pamzere. Kumudzi safika Khirisimasi ino.

Alamu Phiri (Lilongwe), Lachisanu pa 11 Disembala

Mkamwini salankhula kwambiri pankhani za eni mbumba, koma poti malume apempha maganizo a aliyense, mundilole ndiponyepo mawu monga mphunzitsi. Mbali ina ndili ndi mayi a ku Limbe. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, a Sitandade 8 ndi Fomu 4 adabwerera pa 7 Seputembala, ena onse pa 12 Okutobala, ndipo zimene miyezi imeneyo idawononga sizidzakonzeka msanga. M'kalasi mwanga atsikana anayi sadabwererenso; atatu ndi oyembekezera, mmodzi adakwatiwa. Ana ena adaiwala ngakhale kuwerenga kumene ankatha mu Malichi. Choncho munthu akandiuza kuti titsekenso sukulu, ndimayamba ndamufunsa ngati adawerengapo mtengo wake.

Koma ndikukumbukiranso mmene zidayendera chaka chomwe chino. Odwala atatu oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo, ndipo kwa milungu yambiri chiwerengero chinkakwera pang'onopang'ono moti ambiri tinkaseka kuti ndi matenda a anthu okwera ndege. Kenako kudabwera misonkhano yokopa anthu pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni, anthu miyandamiyanda atathithikana m'mabwalo, nthawi yomweyonso mabasi akutsitsa abale athu pachipata cha Mwanza. Mu Julayi zinthu zidafika poipa, mpaka a Chakwera adaimitsa chikondwerero cha pa 6 Julayi kubwalo la Bingu n'kukachitira mwambo waung'ono ku Kamuzu Barracks. Disembala uno zonse ziwiri zija zakumananso: anthu akubwera kuchokera kunja, ndipo kuno tikusonkhana, kaya pamaukwati, kaya pamizere yogulira feteleza wotsika mtengo wa K4,495 uja pomwe anthu akuchita kugona pompo.

Za kusukulu kwathu ndinene mosabisa. Sabata yoyamba pakhomo la kalasi iliyonse padali ndowa yokhala ndi kampopi ndi sopo, ndipo ana tidawagawa ena m'mawa ena masana. Lero ndowa zilipo koma sopo adatha kalekale, ndipo masiki amene makolo adasoketsa ndi zitenje ana amawasunga m'thumba limodzi ndi zitumbuwa. Malamulowo sadachotsedwe onse ayi, tangotopa nawo tokha.

Nagama (Limbe)

Alamu, mwanena nokha kuti masiki ali m'matumba kuyambira Okutobala. Nanga bwanji anthu sakudwala? Ine ndimagwira ndalama za anthu mazanamazana tsiku lililonse, koma ngakhale chimfine sindinadwale.

Namaseko (Mzuzu)

Mayi aang'ono, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyesa kuliyankha monga namwino amene adagwirapo m'chipinda cha odwala matendawa mu Julayi ndi Ogasiti. N'zoona kuti kuyambira Seputembala odwala adachepa kwambiri, ndipo masiku ena komiti ya boma yolimbana ndi mliriwu, yotsogoleredwa ndi a Dr John Phuka ndi nduna ya zaumoyo a Khumbize Kandodo Chiponda, imalengeza anthu ochepa zedi. N'zoonanso kuti dziko lathu lili ndi ana ndi achinyamata ambiri, amene kawirikawiri kachilomboka kamawadutsa osawagwetsa, komanso moyo wathu wambiri timakhalira panja, pomwe mpweya umayenda. Zimenezi zatithandiza. Koma chiwerengero cha anthu oposa 6,000 chimene mumamva chija ndi cha amene adayezedwa okha, ndipo amene amayezedwa kwambiri ndi odwala ofika kuchipatala ndi anthu apaulendo. Munthu wa kumudzi akatentha thupi n'kumva kuphwanya, amati ndi malungo, amamwa LA kapena panado n'kugona, ndipo akamwalira timati adali wokalamba kapena BP idakwera. Nyengo ya mvula ino, pamene malungo enieni achuluka, kusiyanitsa kudzavuta kwambiri.

Chachiwiri, matendawa saonekera tsiku limene alowa. Munthu akatenga kachilomboka pamatha masiku asanu kapena kuposerapo, nthawi zina mpaka 14, asanayambe kumva kanthu, ndipo amatha kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri iye asanadziwe kuti akudwala. Akayamba kudwala pamathanso pafupifupi sabata kuti ayambe kubanika. Ndiye kuti zimene tidzachite pa 26 Disembala, zipatso zake tidzaziona pakati pa Januwale, aliyense atabwerera kale kwawo. N'chifukwa chake kunena kuti panopa kuli zii sikutiuza chilichonse za mwezi wamawa.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi mpweya wa okosijeni. Wodwala mmodzi wobanika kwambiri amatha kumaliza masilinda akuluakulu angapo pa tsiku, ndipo ndikukumbukira usiku wina mu Julayi titaima awiri pambali pa bedi tikuyang'ana kamuvi ka pasilinda kakutsika, uku tikuimba foni kufunsa ngati galimoto yobweretsa ena yanyamuka. Bambo ameneyo adachira, koma nthawi imeneyo odwala otere adali ochepa. Atati abwere 20 nthawi imodzi, nzeru za anamwino sizingapange mpweya. Malume, mundikhululukire ponena izi pagulu, koma inu muli ndi shuga, mayi akulu ali ndi BP, ndipo anzawo a agogo amene adzakhale kutsogolo pamwambowo onse adapitirira zaka 70. Amenewo ndiwo matendawa amawafuna.

Malume Gama (kumudzi, Ntcheu)

Mwana wanga, za shugazo si chinsinsi, mudzi wonse umadziwa kuti tiyi ndimamwa wosathira kanthu. Mawu akowa andikumbutsa nkhani imene malemu mayi ankatiuza, imene iwonso adaimva kwa mayi awo, ya chaka cha fuluwenza. Ankati nkhondo ya Ajeremani itatha, amuna amene adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, amtengatenga aja, adabwerera kumudzi ndipo anthu adawalandira ndi nthungululu ndi mowa, koma pasanathe mwezi adzukulu adatopa ndi kukumba manda. Ndili mwana ndinkaiyesa nthano chabe.

Alamu Phiri (Lilongwe)

Si nthano ayi malume, chidali chaka cha 1918, ndipo mabuku a mbiri amanena kuti fuluwenza imeneyo idayamba mofatsa kumayambiriro kwa chaka, n'kubweranso kachiwiri chakumapeto kwake, ndipo ulendo wachiwiriwo ndi umene udapha anthu ochuluka padziko lonse. Kuno ku Nyasaland idafika nthawi yomweyo.

Ngozo (Johannesburg)

Nkhani ya amtengatengayi yandikhudza, malume, chifukwa amtengatenga a lero ndife. Ndiyenera kunena kuti zimatipweteka tikamamva anthu kumudzi akunena kuti a ku Joni ndiwo adabweretsa matenda, ngati kuti tidachita dala, chonsecho ndalama za feteleza ndi za sukulu zimachokera kwa ife tomwe. Mu Meyi muja anthu oposa 400 atathawa pabwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre asanamve zotsatira zawo, dziko lonse lidawatukwana, koma ochepa ndiwo adafunsa kuti munthu amene wataya ntchito, wakhala masiku m'basi, kenako n'kumukhazika pabwalo la mpira, angapirire masiku angati. Sindikuwaikira kumbuyo, ndikungoti adali anthu otopa.

Komabe ulendowo ndimaudziwa bwino. Kuchoka kuno kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa kwathu, munthu umakhala m'basi masiku awiri kapena atatu, mawindo otseka chifukwa cha mvula, ndipo pachipata chilichonse mumaima pamzere mapewa atagundana. Ngakhale nditayezetsa ndisananyamuke n'kupezeka wopanda kachilombo, kalatayo imanena za tsiku limene ndidayezetsa, siinena za munthu amene ndidzakhale naye mpando umodzi. Achemwali a ku Mzuzu anena za masiku 14. Abwana anditulutsa pa 18, kumudzi ndingafike pa 21, ndiye masikuwo sakukwana. Pobwerera kunonso amafuna kalata yosapitirira maola 72, ndipo imeneyonso ndi ndalama.

Nagama (Limbe)

Ndakumvani nonse, ndipo za okosijenizo zandiopsa, sindikana. Koma inu a m'tauni ndi akunja mumaiwala mmene mudzi umakhalira. Mwambo wa chiliza suyendera makadi ngati ukwati wa kuhotela. Utsi ukangofuka pakhomo, mudzi wonse ndi midzi yoyandikana ifika, ndipo palibe amene angaime pachipata kubweza nkhalamba imene idatunga madzi chitsime chimodzi ndi mayi athu kwa zaka 50. Adzukulu ayenera kudya, amfumu ayenera kulandira ulemu wawo, azimayi adzagona pompo kuphika thobwa. Mukati tichite mwambo waung'ono, mundiuze amene adzapite kukanena mawu amenewo khomo ndi khomo, chifukwa ine sindidzatha.

Namaseko (Mzuzu)

Apo mwanena zoona mayi, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti vuto si kumanda ayi. Kumanda ndi panja, mapemphero satha ola limodzi, ndipo anthu akhoza kuima motayana. Vuto ndi usiku wa pa 25 pamene azimayi adzagone 15 m'chipinda chimodzi akuimba nyimbo, ndi masana pamene mvula idzagwe anthu onse n'kuthawira m'nyumba, ndi chipanda chimodzi cha masese chimene chidzazungulire amuna 30, ndi beseni limodzi losambira m'manja. Mu Ogasiti tikadakhala pansi pa mitengo ya mango tsiku lonse, koma Disembala salola zimenezo. Ndikupempha kuti tilekanitse zinthu ziwirizi: kuvundukula chiliza kuchitike pa 26 m'mawa ndi abusa, amfumu ndi a pabanja amene ali kale kumudzi, koma phwando lidikire mpaka tikakolola, pamene tidzakhala titaona mmene Januwale ndi Febuluwale ayendera.

Nangozo (Leeds)

Ndikugwirizana ndi maganizo amenewa. Ndalama imene ndidalonjeza ya phwando ndidzatumizabe nthawi yake ikakwana, ndipo panopa nditumizako ina yogulira sopo, ndowa ya kampopi ndi nsalu yoti atelala asokere masiki agogo onse amene adzapite kumanda.

Malume Gama (kumudzi, Ntcheu), Loweruka pa 12 Disembala

Ndagona nayo nkhaniyi, ndipo m'mawa uno ndidapita kwa amfumu. Ndidawafotokozera zonse, kuphatikizapo za fuluwenza ija, ndipo iwo adati agogo awonso ankaisimba. Avomera kuti iwo eni ndiwo adzalengeze pabwalo kuti pa 26 kudzakhala mapemphero okha kumanda kuyambira 8 koloko m'mawa, popanda kugonera ndiponso popanda mowa, ndipo kuti chakudya cha mudzi wonse chidzakhalako mu Juni ngati kudzakhale kuli bata. Choncho mlongo wanga, mtolo wa khomo ndi khomo uja wakuchokera. Adzukulu tidzawapatsa ufa ndi nkhuku kuti akadyere kwawo. Ndikudziwa kuti ena adzang'ung'udza kuti ana a malemu aumira, ndipo zimenezo ndidzazisenza ndine.

Iwe Ngozo, mtima wanga ukufuna ubwere, koma sindikukakamiza. Ukabwera udzagona kunyumba yakale ija ya kuseri, ndipo agogo ako aang'ono udzawalonjera uli pabwalo.

Ngozo (Johannesburg)

Zikomo malume. Ndaganiza kuti ndidikire Juni, ndidzadye nawo phwandolo. Ndalama ya basi nditumiza Lolemba kuti mugulire feteleza wobereketsa, ndipo wina adzandiimbire pavidiyo pochotsa pepalalo kuti ndione nawo dzina la agogo.

Nagama (Limbe)

Ndagonja, ngakhale mtima sunakhutire, ndipo mpunga ndiusunga. Ine ndidzabwera ndithu pa 24, masiki ndidzavala ngakhale amandibanikitsa m'minibasi. Koma achimwene, nanga mbuzi ija? Kuyambira pano mpaka Juni ndi miyezi isanu ndi umodzi, chimanga changomera kumene m'minda ya anthu, ndipo paja mudanena kuti idadula kale chingwe kawiri.

Malume Gama (kumudzi, Ntcheu)

Katatu tsopano, dzulo idakadya nyemba za kwa abusa. Alamu a Phiri, pobwera mudzandigulireko chingwe cha nayiloni cholimba ku Lilongwe, mamita 10.